Advanced BRAIN Health Clinic ku London: pitani, koma musakayembekezere yankho la CTE

Wosewera rugby kapena mpira wamiyendo amene anapuma akayamba kuiwala maina a anthu amene wangocheza nawo, kukalipira ana pa nkhani yopanda mutu, ndi kugona tulo tosagwira, mumtima mwake mumakhala funso limodzi: kodi imeneyi ndi CTE, matenda a ubongo omwe amayenderana ndi kugundidwa mutu mobwerezabwereza? Ambiri olowa pakhomo la Advanced BRAIN Health Clinic amanyamula funso limeneli. Tinene msanga kuti chipatalachi sichingawayankhe, ndipo palibe chipatala china chilichonse chomwe chingamuyankhe munthu akadali moyo. Komabe amene ali ndi mwayi wopitako apite. Phindu lake lili pena, ndipo amalipeza ndi munthu amene akudziwa chomwe akukafuna.

Chipatalachi chili mkati mwa Institute of Sport, Exercise and Health, yomwe anthu amangoti ISEH, pa Tottenham Court Road, kufupi ndi siteshoni ya sitima ya Warren Street. Chinatsegulidwa mu 2021 ndi ndalama za RFU, bungwe loyendetsa rugby ku England, ndi Premiership Rugby, yoyendetsa ligi yaikulu ya makalabu kumeneko. Kenako FA, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo ku England, inalowanso kuti osewera mpira wamiyendo akale azionedwa. Ochitsogolera ndi Pulofesa David Sharp wa ku Imperial College London ndi Dr Richard Sylvester, onse madokotala a ubongo ndi mitsempha. Pamene chinkayamba chinkalandira amuna ndi akazi a zaka 30 mpaka 55 amene anasewerapo rugby yapamwamba ku England. Wosewera salipira. Amapimidwa katatu: ulendo woyamba, wachiwiri pakatha zaka ziwiri, wachitatu pakatha zaka zinayi chiyambireni. Ndi chipatala, komanso ndi malo a kafukufuku, ndipo mbali ziwirizi sizifuna zofanana nthawi zonse.

Sichinabwere chifukwa cha chifundo chokha. Jeff Astle, womwetsa zigoli wa West Bromwich Albion yemwe ankaopedwa pa mipira ya mutu, anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 59 atadwala matenda oiwalaiwala, ndipo wofufuza za imfayo anagamula kuti inadza chifukwa cha ntchito yake. Mu 2014 Dr Willie Stewart wa ku Glasgow anapimanso ubongo wake n'kupeza CTE. Mu 2019 gulu la Stewart linatulutsa kafukufuku wotchedwa FIELD, woyerekeza osewera mpira akale 7,676 a ku Scotland ndi anthu wamba oposa 23,000. Chiopsezo chofa ndi matenda owononga ubongo chinali chokwera katatu ndi theka mwa osewerawo. Patatha zaka ziwiri anagawa nambalazo potengera malo osewera: magoloboyi sanasiyane kwenikweni ndi anthu wamba, pomwe otchinga kumbuyo, amene amamenya mpira ndi mutu kuposa onse, chiopsezo chawo chinafika kasanu. Ku rugby, mu Disembala 2020, Steve Thompson, mmodzi mwa amene anatenga World Cup ndi England mu 2003, anaulula ali ndi zaka 42 kuti madokotala amupeza ndi matenda oiwalaiwala ndipo masewero a mpikisanowo sawakumbukira. Iye ndi anzake anayamba njira yokasumira World Rugby, RFU ndi bungwe la ku Wales. Chaka chotsatira chipatala chinatsegulidwa.

Chifukwa chomwe CTE singapezeke mwa wamoyo n'chosavuta kumva. Chizindikiro chake ndi puloteni yotchedwa tau itaunjikana m'maselo ozungulira timitsempha tamagazi, pansi penipeni pa makwinya a ubongo. Kuti aione, madokotala amayenera kudula ubongo m'tizidutswa topyapyala, kutinyika m'mankhwala opatsa mtundu, n'kuyang'ana pa maikolosikopu. Sikani ya MRI siona zazing'ono chotero. Mankhwala omwe amabaya munthu pojambula tau ndi makina a PET anapangidwira matenda oiwalaiwala a Alzheimer's, ndipo pa tau ya CTE sagwira bwino. Chomwe madokotala ali nacho kwa wamoyo ndi ndondomeko ya 2021 yofotokoza gulu la zizindikiro lotchedwa TES, yomwe eni ake anailemba kuti ithandize ofufuza, osati kuti ikhale chigamulo cha wodwala. Dokotala aliyense wokuuzani motsimikiza kuti muli ndi CTE pongoona sikani, muzimukayikira. Ubwino woyamba wa chipatala cha London ndi woti sichilonjeza zimenezi.

Gawo lomwe limaoneka lachabechabe, kukhala pansi ndi dokotala n'kufotokoza mbiri, ndi lomwe lili lofunika kuposa makina onse. Apa osewera ambiri amalakwitsa pokonzekera. Amabwera atawerenga kuti anakomoka kangati pabwalo, n'kumaganiza kuti nambala imeneyo ndiyo nkhani. Koma mu 2023 Stewart ndi anzake atapima ubongo wa osewera rugby 31 omwe anamwalira, anapeza CTE mwa 21, ndipo chomwe chinkayenderana ndi matendawa chinali kutalika kwa nthawi yosewera: chaka chilichonse chowonjezera chinkakweza chiopsezo ndi 14 pa 100. Kuchuluka kwa maulendo omwe munthu anauzidwa kuti ubongo wagwedezeka sikunaonetse mgwirizano wotere. Zomwe zimaunjikana ndi kugunda kwa tsiku ndi tsiku komwe sikugwetsa munthu. Choncho lembani papepala musanapite: munayamba kusewera mogundana muli ndi zaka zingati, munasiya liti, malo anu anali ati, pa sabata zokonzekera zogundana zinali kangati. Onjezani kuvulala mutu kwa kunja kwa bwalo, ngozi yagalimoto kapena ndewu, ndi mankhwala onse omwe mukumwa, ngakhale ogula nokha.

Mupitenso ndi munthu wokhala nanu nyumba imodzi. Izi si zaulemu chabe. Wovutika maganizo amakonda kukokomeza kuiwala kwake, pomwe amene mbali yakutsogolo ya ubongo wake yayamba kuwonongeka amachepetsa vuto, mwinanso osaliona n'komwe. Kusiyana kwa zomwe mwini wanena ndi zomwe mkazi wake wanena kumamuuza dokotala zambiri. Mkaziyo abwere ndi zitsanzo zenizeni zokhala ndi nthawi yake, monga kulipira bilu imodzi kawiri mwezi watha kapena kusochera pa msewu wodutsa tsiku lililonse. Mawu oti "wangosintha" dokotala sangachite nawo kanthu.

Kenako pamabwera mayeso a kaganizidwe. Mayeso a mtundu uwu amakhala ndi kuloweza mndandanda wa mawu n'kuwatchulanso pakapita mphindi zingapo, kulumikiza manambala ndi zilembo mosinthanitsa mothamangitsana ndi wotchi, kutchula mawu oyamba ndi chilembo chimodzi mkati mwa mphindi imodzi, ndi kubwereza manambala chobwerera m'mbuyo. Amatopetsa kuposa momwe amamvekera. Gonani mokwanira, musamwe mowa dzulo lake, idyani m'mawa, tengani magalasi anu. Mkati mwa mayeso otere amaikamo ena ooneka ovuta koma osavuta, omwe ngakhale wodwaladi amakhoza, kuti aone ngati munthu akuyesetsa. Wolephera amenewa sikuti ndi wabodza nthawi zonse, popeza ululu, kutopa ndi kutaya mtima zimachititsanso. Koma akalephera, zotsatira zina zonse za tsikulo zimataya mphamvu. Amene akuganiza zochita dala moipa kuti amukhulupirire akudzibera yekha.

Chofooka chachikulu cha gawoli ndi choti nthawi zambiri palibe amene anakuyezani chotere muli ndi zaka 18. Dokotala sadziwa pomwe munayambira, ndiye amakuyerekezani ndi anthu a msinkhu ndi maphunziro ngati anu, ndipo luso lanu lakale amaliyerekeza kawirikawiri pokuwerengetsani mawu achingerezi osatchulika momwe amalembedwera. Munthu amene kale anali wakuthwa kwambiri akhoza kutsika ndithu koma n'kugwera m'gulu la "zili bwino". Wosewera amene anakulira ku Tonga, ku Fiji, ku South Africa kapena ku Zimbabwe, yemwe Chingerezi ndi chilankhulo chake chachiwiri kapena chachitatu, akhoza kutsalira pa mayeso otchula mawu ubongo wake uli bwinobwino. Nenani poyambirira chilankhulo chomwe munayamwira ndi chomwe munaphunzirira kusukulu, ndipo funsani kuti zalembedwa. Nkhani ya miyeso si yaing'ono. Ku America, pa dongosolo la chipukuta misozi la NFL, ligi ya mpira wachimereka wogundana, ankagwiritsa ntchito miyeso yoganizira kuti osewera akuda anayambira pansi, zomwe zinkachititsa kuti kutsika kwawo kusaoneke ndipo ndalama asalandire. Zinatengera Kevin Henry ndi Najeh Davenport kukasuma mu 2020 kuti NFL ivomere kusiya mu 2021.

Pa kujambula ubongo ndi pomwe chipatalachi chimaposa zomwe munthu angapeze atangopita kwa GP, dokotala wamba wa m'dera lake. Makina ake ndi a mphamvu ya 3 tesla, ndipo sajambula chithunzi chimodzi. Pali chithunzi choyeza kukula kwa zigawo za ubongo, chomwe kompyuta imachiyerekeza ndi cha anthu a msinkhu womwewo. Pali FLAIR, yoonetsa timadontho toyera mkati mwa ubongo. Pali SWI, yomwe imagwira tizitsalira ta ayironi pomwe kamtsempha kanatulutsapo magazi, ngakhale zitachitika zaka zambiri zapitazo. Ndipo pali chithunzi choyeza momwe madzi amayendera motsatira ulusi wolumikiza zigawo za ubongo. Ulusiwo ukaduka kapena kuphwanyika, madzi amamwazika m'malo moyenda njira imodzi. MRI wamba yomwe dokotala amangoiyang'ana ndi maso siionetsa zimenezi, n'chifukwa chake osewera ambiri anauzidwapo kuti sikani ili bwino. Gulu la Sharp lomweli linaonetsa mu 2021 kuti mwa osewera rugby 44 omwe anali akusewerabe, 23 pa 100 anali ndi zolakwika zooneka ndi njira zapamwambazi.

Zosokoneza sikani ndi zinthu wamba. Choyamba ndi kugwedezeka. Chithunzi cha kayendedwe ka madzi chija chimawonongeka ndi kusuntha mutu pang'ono chabe, ndipo munthu wa khosi ndi msana zomwe zinaphwanyidwa mu scrum, mkankhano wa mitu ndi mapewa wa pa rugby, savutika pang'ono kugona chagada nthawi yomwe ingafike ola. Pemphani pilo wa pansi pa mawondo asanayambe, osati pakati. Chachiwiri ndi thupi: dzenje la makina ambiri ndi lotambalala masentimita 60 mpaka 70, ndipo wosewera rugby wakutsogolo wa mapewa aakulu amalowamo mothinana. Ngati malo opanikiza amakuopsani, nenani pokonza tsiku. Chachitatu ndi zitsulo. Mapuleti ndi masikuluwu a titanium nthawi zambiri alibe ngozi, koma akakhala m'nsagwada, m'tsaya kapena m'mano amadetsa chithunzi cha mbali yakutsogolo ya ubongo, yomwenso ndiyo madokotala amafunitsitsa kuona. Kachipangizo kothandiza mtima kugunda, kapena kachitsulo komwe kanalowapo m'diso, ndi nkhani ina, ya chitetezo, ndipo iyenera kunenedwa musanafike pafupi ndi maginito.

Chenjerani ndi momwe mungamvere zotsatira za sikani. Timadontho toyera tija timabweranso ndi BP, mutu waching'alang'ala ndi ukalamba. Palinso kampata pakati pa tizikopa tiwiri ta pakati pa ubongo, komwe madokotala amakatcha cavum septum pellucidum. Kamapezeka kawirikawiri mwa ankhonya, koma anthu ena amangobadwa nako. Munthu akhoza kutuluka m'chipindamo ndi dzina lachilatini lomusowetsa tulo pomwe chinthucho sichimupweteka. Funso loyenera kufunsa pa chilichonse chomwe chapezeka ndi ili: mwa anthu osasewera a msinkhu wanga, ndi angati ali nacho?

Magazi ndiwo gawo lomwe nyuzipepala zimakonda, komanso ndi lomwe lili losakhwima kwambiri. Amayeza mapuloteni omwe amatuluka mu ubongo maselo akavulala. NfL imachokera mu ulusi wa mitsempha, ndipo mutu ukavulala imakwera n'kukhala pamwamba kwa miyezi. GFAP imachokera m'maselo othandizira. Ndiye pali p-tau217, yomwe pakali pano imadziwika bwino ngati chizindikiro cha Alzheimer's. Vuto ndi loti palibe mwa izi yomwe imanena kuti "rugby". NfL imakwera yokha munthu akamakula, imakweranso impso zikafooka kapena mitsempha ya m'miyendo ndi m'manja ikawonongeka, ndipo imaoneka yotsika mwa munthu wathupi lalikulu chifukwa magazi ake ndi ambiri. Taganizirani kuti theka la timu ya rugby ndi anthu athupi lalikulu. Impso zofooka zimakwezanso p-tau217. Nambala ya tsiku limodzi siinena zambiri. Chomwe chimalankhula ndi momwe nambalayo yasinthira pakatha zaka ziwiri ndi zinayi, chimodzimodzi kukula kwa ubongo pa sikani. Amene amabwera ulendo woyamba wokha, n'kumva kuti zili bwino, osabwereranso, wataya mbali yaikulu ya zomwe chipatalachi chinapangidwira. Pa mayeso a kaganizidwe, kumbukiraninso kuti munthu amachita bwinoko ulendo wachiwiri chifukwa wawazolowera, kotero kupeza malikisi omwewo sikutanthauza nthawi zonse kuti palibe chasintha.

Phindu lenileni, lomwe munthu angaligwire m'manja mwezi womwewo, lili m'zinthu zosatchuka. Mwamuna wa zaka 44 woiwalaiwala ndi wokwiyakwiya nthawi zambiri amakhala ndi chifukwa chochizika. Choyamba kuchiganizira mwa osewera rugby akutsogolo ndi kubanika kutulo. Khosi lopitirira masentimita 40 kuzungulira, mkonono waukulu, kudzuka mutu ukuwawa ndi kuodzera masana ndi zizindikiro zake, ndipo makina a CPAP opumira usiku amatha kuthandiza kaganizidwe ka munthu. Chachiwiri ndi mowa. Malangizo a ku UK ndi osapitirira mayuniti 14 pa sabata, omwe ndi mapainti pafupifupi asanu ndi limodzi a mowa wamba, ndipo mwambo wa pambuyo pa gemu sudziwa malire amenewo. Chachitatu ndi mankhwala opha ululu monga codeine ndi tramadol omwe anayamba chifukwa cha bondo n'kukhazikika. Chachinayi ndi kuvutika maganizo kwa munthu amene anataya timu, ndandanda ya tsiku ndi dzina nthawi imodzi. Palinso kachiwalo ka mahomoni ka pansi pa ubongo, pituitary, komwe kamatha kufooka mutu ukavulala, n'kubweretsa kutopa ndi kusowa chilakolako. Chithokomiro, vitamini B12, makutu osamva bwino, BP yopitirira 140/90, zonsezi zimayezeka mosavuta. Mu 2024 akatswiri a Lancet Commission anatchula zinthu 14 zosinthika zomwe zimakhudza pafupifupi 45 pa 100 ya matenda oiwalaiwala. Kuvulala mutu ndi chimodzi, ndipo kwa wopuma chinachitika kale. Zambiri mwa zotsalazo zikadali m'manja mwake. Dokotala wa ubongo wokhala ndi nthawi yosanthula zonsezi mwa munthu mmodzi ndi wosowa ngakhale ku NHS, zipatala za boma za ku UK, komwe mzere wokaonana naye ndi wautali.

Mu 2025 magazini ya zachipatala ya Brain inasindikiza zotsatira za osewera rugby 200 oyamba, poyerekeza ndi anthu 33 osasewera. Osewerawo anadandaula zambiri za kuiwala, nkhawa ndi kusintha khalidwe, koma pa mayeso a kaganizidwe, monga gulu, sanasiyane kwenikweni ndi enawo. Palibe ndi mmodzi yemwe anapezeka ndi matenda oiwalaiwala. Okwana 24 anakwanira pa ndondomeko ya TES ija. Pafupifupi mmodzi mwa anayi anali ndi p-tau217 yokwera, ngakhale sinafike pomwe imafika mwa odwala Alzheimer's, ndipo kampata kaja kanaoneka mwa 24 pa 100 ya osewera ndi 12 pa 100 ya osasewera.

Mawu oti "palibe ndi mmodzi yemwe" ndi okoma kumva, koma apa ndi pomwe tili ndi dandaulo lalikulu. Wosewera wapakati pa gululo anali ndi zaka 44. Matenda oiwalaiwala pa msinkhu umenewo ndi osowa mwa anthu a mtundu uliwonse. Mu kafukufuku wa FIELD, osewera mpira ankafa mochepa kuposa anthu wamba mpaka pafupifupi zaka 70, ndipo ndi pambuyo pake pomwe zinatembenuka. Chipatala chomwe chinayamba ndi malire a zaka 55 chikuyang'ana munda chimanga chisanamasule. Kwa ofufuza malirewo ali ndi chifukwa, popeza akufuna kugwira kusintha koyambirira ukalamba usanasokoneze chithunzi. Koma wa zaka 62 amene mkazi wake wayamba kubisa makiyi a galimoto ndiye wofuna thandizo kwambiri, ndipo khomo silinamutsegukire. Anthu 33 oyerekezera nawo ndi ochepanso. Komanso obwera amabwera okha: ena chifukwa chodera nkhawa kwambiri, pomwe odwalitsa ena mwina ali kale kwa madokotala ena kapena kwa maloya. Zotsatirazi sizinganene za osewera onse, mbali iliyonse.

Dandaulo lachiwiri ndi la mwini thumba. Ndalama zimachokera ku mabungwe omwe osewera akale mazanamazana akuwasumira. Izi sizitanthauza kuti madokotalawo amakhotetsa zotsatira. Ndi anthu omwewo amene anasindikiza za 23 pa 100 zija, zomwe sizinakomere rugby. Koma wosewera ali ndi ufulu wofunsa asanasaine: ndani adzaona zotsatira zokhala ndi dzina langa, ndi ziti zikupita ku kafukufuku, ndingatulukemo bwanji. Amene ali pa mlandu alankhule ndi loya wake kaye, chifukwa mapepala achipatala amatha kuitanitsidwa kukhothi, ndipo lipoti lonena kuti mayeso ali bwino likhoza kugwira ntchito mbali inayo. Amene akufuna kugula inshulansi ya moyo kapena ya matenda adziwenso kuti makampani amafunsa za zoyezedwa zakale, ndipo kubisa kumathetsa pangano.

Chachitatu, chipatalachi ndi malo opimira, osati osamalira. Amakuuzani zomwe apeza ndi kukulozerani kopita, koma ulendo wautali wa chithandizo umabwerera kwa GP ndi NHS. Banja lomwe likusamalira kale munthu wosadziwanso ana ake silipeza yankho pano. Kwa a mpira wamiyendo, PFA, bungwe loimira osewera, ndi Premier League anakhazikitsa thumba mu Seputembala 2023, loyamba ndi mapaundi 1 miliyoni. Nyumba zosamalira odwala otere ku England zimalipiritsa kawirikawiri mapaundi opitirira 1,000 pa sabata. Mukawerengetsa, thumba loyambalo silikanakwanira anthu 20 kwa chaka chimodzi, ndipo John Stiles, mwana wa Nobby Stiles wa timu ya England ya 1966, wakhala akunena poyera kuti ndalamazo n'zochepa. Onjezani kuti chipatalacho chili ku London, pomwe osewera amwazikana dziko lonse ndi kunja, komanso kuti ndi cha osewera apamwamba okha. Wa timu ya m'mudzi amene anagundana zaka 20 osalandira kanthu sali m'dongosolo. Ankhonya, omwe dokotala Harrison Martland anayamba kulemba za vuto lawo mu 1928, nawonso khomo ili si lawo.

Kwa owerenga amene ali ku Malawi kapena ku Zambia, ndipo bambo kapena amalume awo anasewera mpira kapena nkhonya zaka zambiri, SWI ndi p-tau217 zili kutali. Koma mbali yochizika ija siyifuna London. BP, shuga, makutu, mowa ndi tulo zimafufuzika pa chipatala wamba, ndipo kwathu kuno onjezani kuyezetsa HIV ndi chindoko, chifukwa zonse ziwiri zimatha kusokoneza ubongo ndipo zili ndi mankhwala. Chimodzi chokha ndi chadzidzidzi: mutu womawawa mowonjezereka kwa masabata, kuodzera ndi kufooka mbali imodzi ya thupi, makamaka munthu atagwa kapena kumenyedwa. Amenewo akhoza kukhala magazi oundana pang'onopang'ono pansi pa chigaza, omwe sikani wamba ya CT imawaona ndipo opaleshoni imawachotsa. Munthu wotere musamusunge pakhomo poganiza kuti ndi ukalamba kapena kuti am'lodza.

Tibwerere kwa amene akupita ku Tottenham Court Road. Pa ulendo womva zotsatira, tengani munthu yemwe uja, lembani zomwe dokotala akunena, ndipo pemphani kope la kalata yopita kwa GP yokhala ndi manambala enieni, osati mawu oti "zili bwino" okha. Pemphaninso kuti pa vuto lililonse lochizika alembe yemwe adzalitsatire ndi nthawi yake, chifukwa malangizo oti "mukayezedwe za tulo" opanda dzina la wotumiza amafera m'kabati.

Ndipo ngati funso la CTE lija likukuvutitsanibe, njira yoliyankha ilipo imodzi, ngakhale yankholo adzamva ndi otsala. Ndi kulembetsa kuti ubongo wanu udzaperekedwe ku kafukufuku mukadzamwalira. Steve Thompson anali woyamba kulonjeza izi ku Concussion Legacy Project ya ku Oxford mu 2021, ndipo ku Glasgow gulu la Stewart limalandiranso. Mafomu alembedwe mukadali ndi nzeru zonse, abale auzidwe, ndipo nambala yoimbira isungidwe poonekera, chifukwa ubongo umayenera kutengedwa mkati mwa masiku ochepa chimwalirireni. Kupima mtembo kwa nthawi zonse sikufufuza CTE pokhapokha wina atapempha.